Pamaso pa Mulungu ndi Ulemu ndi Kulimbika Mtima

Pa miyezi itatu iliyonse mpingo wathu umakhala ndi Sabata la Mgonero wa Ambuye, ndipo amene wapembedza zaka zingapo m'mipingo yathu ya muno mu Mzuzu adziwa chimene chimachitika ulaliki ukatha. Mkulu wa mpingo amalengeza kuti abambo apite mbali iyi, amayi mbali iyo, kukasambitsana mapazi. Madikoni amatulutsa mabeseni ndi matawulo. Anthu amanyamuka onse pamodzi, koma si onse amene amafika pamene pali mabeseniwo. Ena amapatuka mwakachetechete, Baibulo lili kukhwapa, nalowera njira ya ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa. Ndipo pamene otsala abwerera m'kachisi kudzanyema mkate, mipando imene inali yodzaza pa nthawi ya Sukulu ya Sabata imaoneka ndi mipata yambiri.

Abale ndi alongo amene amachokawa si anthu osakhulupirira ayi. Ambiri a iwo ndi okhulupirika pa chakhumi, sachedwa ku mapemphero a pakati pa sabata, ndipo pamaliro ndiwo amayamba kufika. Tikawachezera m'makomo mwawo ndi kuwafunsa, yankho limakhala limodzi: "Abusa, sindinakonzeke. Ndimaopa kuti ndingadzidyere chiweruzo." Komanso pakati pa otsala m'kachisi mumapezeka ena amene amalandira mkate ndi dzanja limodzi, lina lili pa foni, ndipo chikho chisanafike kwa iwo ayamba kale kunong'onezana za mtengo wa feteleza. Oyambawo achoka chifukwa aona kuti Mulungu ndi wamkulu koposa. Achiwiriwo atsala chifukwa saona kanthu koopsa patebulopo. Kodi mwa awiriwa ndani walemekeza Mulungu? Funso limeneli si la Sabata la Mgonero lokha. Ndi funso la pemphero lililonse, ndi la ora la imfa: munthu wochimwa angayandikire bwanji kwa Mulungu woyera, osathawa, ndiponso osaponda pamalo oyera ngati pabwalo la msika?

Tiyambe ndi kuvomereza kuti amene amaopawo ali ndi Malemba kumbali yawo, ndipo sitiyenera kuwafewetsa Malembawo pofuna kutonthoza munthu. Nadabu ndi Abihu anali ana a mkulu wa ansembe, anali atakwera phiri ndi Mose naona ulemerero wa Mulungu wa Israyeli (Eksodo 24:9-11), komabe tsiku limene anabwera ndi moto umene sanawalamulire anafera pomwepo (Levitiko 10:1, 2). Uza sanali mdani wa likasa. Anatambasula dzanja chifukwa ng'ombe zinapunthwa, ndipo anafa (2 Samueli 6:6, 7). Davide yemwe anachita mantha tsiku limenelo, nakana kutenga likasa kupita nalo kumudzi wake. Nkhani zimenezi sizinalembedwe kuti aziopsezera ana. Zinalembedwa kuti tidziwe kuti Mulungu si mnzathu wa pamudzi, ndi kuti kuzolowera zinthu zopatulika kuli ndi ngozi yake, makamaka kwa ife amene timazigwira Sabata ndi Sabata.

Koma tiwerenge nkhani ya Uza mpaka kumapeto. Likasa lomwelo linapatutsidwira kunyumba ya Obedi-Edomu, linakhala komweko miyezi itatu, ndipo banja lonse linadalitsidwa. Likasa silinasinthe. Chimene chinapha mmodzi ndicho chinadalitsa wina. Davide atamva zimenezi anabwerera kukalitenga, ulendo uno litanyamulidwa pamapewa a Alevi monga chilamulo chinanenera (1 Mbiri 15:13-15), ndipo anavina ndi mphamvu zake zonse pamaso pa Yehova. Mantha a tsiku loyamba anamusiyanitsa ndi likasa. Ulemu wa tsiku lachiwiri unamubweza kwa ilo ali wokondwa.

Pali vesi limodzi m'buku la Eksodo limene limaoneka ngati likudzitsutsa lokha. Anthu atamva mabingu ndi lipenga pa Sinai anaima patali, ndipo Mose anawauza kuti asaope. Pomwepo, asanatseke pakamwa, anawauzanso kuti Mulungu wabwera kuti kumuopa kukhale pamaso pawo, kuti asachimwe (Eksodo 20:20). Mose sanasokonezeke. Anali kusiyanitsa mitundu iwiri ya mantha imene ife timaitchula ndi liwu limodzi. Njira yoidziwira ndi kuona kumene imatengera mapazi a munthu. Adamu anaopa nakabisala m'mitengo (Genesis 3:10). Kapolo wa talente imodzi anaopa mbuye wake, namuyesa munthu wouma mtima, nakakwirira ndalama pansi (Mateyu 25:24, 25). Mantha amenewa amabala kubisala ndi ulesi, ndipo pansi pake pamakhala bodza lonena za khalidwe la Mulungu. Koma Yesaya, m'chaka chimene mfumu Uziya inafa, anaona Ambuye pampando wachifumu, nadziona kuti watha. Komabe sanatuluke m'kachisi. Anakhala pomwepo mpaka khala la paguwa linakhudza milomo yake, ndipo munthu yemweyo amene anali kulira tsoka lake ndiye anadzipereka kuti atumidwe (Yesaya 6:1-8). Wamasalmo ananena chinthu chimene ambiri a ife tikanachitembenuza: kuti chikhululukiro chili kwa Mulungu ndi cholinga chakuti anthu amuope (Salmo 130:4). Ife tikanayembekeza kuti chilango ndicho chibale mantha. Malemba akuti kuopa koona kumabadwa mwa munthu amene wakhululukidwa.

Nanga mantha obisalawa anatilowa bwanji? Zina tinaziyamwira kumudzi, ndipo si zonse zoipa. Pakati pa Angoni a ku Mzimba, munthu sangodzuka ndi kukalowa pamene pali Inkosi ya Makosi M'mbelwa ngati akulowa m'golosale. Amadzera kwa nduna, amadikira kuitanidwa, amadziwa pokhala ndi mawu olonjera. Amene anapitako ku mwambo wa Umtheto kuphiri la Hora, kapena ku Gonapamuhanya ku Bolero kwa Chikulamayembe, anaona ndi maso ake kuti ulemu uli ndi dongosolo lake. Mwana woleredwa bwino amagwada popereka madzi kwa agogo ake, ndipo salandira kanthu kwa wamkulu ndi dzanja limodzi. Chimenechi ndi chuma, ndipo tikachitaya tidzavutika kumvetsa chifukwa chake Mose anauzidwa kuvula nsapato pa chitsamba choyaka.

Zina tinaziphunzira m'nthawi yowawa. Makolo athu anakhala zaka 30, kuyambira 1964 mpaka 1994, pansi pa ulamuliro umene munthu ankayamba wayang'ana kumbuyo asanatchule dzina la mtsogoleri. Anaphunzira kuti wamphamvu ndi woti uzimutamanda pagulu ndi kumupewa pawekha, ndi kuti dzina lako likalembedwa m'buku la akuluakulu, mlandu wayandikira. Nkosadabwitsa kuti ena anatenga chithunzi chimenechi nalowa nacho m'kachisi. Ndipo ana obadwa pambuyo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 akula m'dziko limene aliyense anganyoze pulezidenti pawailesi, chotero ngozi yawo ndi ina: sadziwa munthu aliyense amene angaimirire chifukwa walowa m'chipinda.

Koma tisakankhire zonse kunja. Zina tinadziphunzitsa tokha. Mishoni yathu yoyamba m'dziko muno inayamba mu 1902 ku Thyolo, ndipo mu 1907 inapatsidwa dzina lakuti Malamulo. Uthenga utafika kuno kumpoto, ku Luwazi ndi ku Lunjika, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, tinadziwika monga anthu a malamulo khumi ndi a Sabata. Dzinali ndi labwino, ndipo sitilichitira manyazi. Koma vuto lolalikira chilamulo mpaka Khristu osaonekanso si lachilendo mumpingo wathu. Pamsonkhano waukulu wa ku Minneapolis mu 1888, alaliki awiri achinyamata, E. J. Waggoner ndi A. T. Jones, anakumbutsa atsogoleri kuti munthu amayesedwa wolungama ndi chikhulupiriro mwa Khristu, ndipo akuluakulu ena anawatsutsa kolimba. Ellen G. White anaima nawo, nayenda nawo m'misonkhano ya misasa m'zaka zotsatira kulalikira uthenga womwewo. Zaka zoposa 130 zapita, koma mipata ya m'mipando pa Sabata la Mgonero ikusonyeza kuti phunziro la Minneapolis silinafike m'mitima yonse.

Chiphunzitso chimene chimanjenjemeretsa ambiri ndi cha chiweruzo chofufuza. Timaphunzitsa, kuchokera pa Danieli 8:14, kuti masiku 2,300 a ulosi anatha pa 22 Okutobala 1844, ndi kuti kuyambira pamenepo Khristu analowa m'gawo lomaliza la utumiki wake m'malo opatulika akumwamba. Ambiri a ife tinalimva phunziro limeneli tili ana motere: mabuku atsegulidwa, dzina lako lingafike usiku uno, ndipo mlandu suola. Zoonadi mlandu suola. Koma tinaiwala kunena amene waima pafupi ndi bukulo. Pamene Hiram Edson anadutsa m'munda m'mawa wa tsiku lotsatira kukhumudwa kwakukulu kuja, chimene chinamutonthoza sichinali kuti wapeza woweruza watsopano. Chinali chakuti anazindikira kumene kuli Mkulu wa Ansembe wake ndi ntchito imene akugwira. Ndipo Danieli yemweyo akunena kuti mlanduwo unagamulidwa mokomera opatulika a Wam'mwambamwamba (Danieli 7:22). Mkazi wamasiye amene abale a mwamuna wake amulanda nyumba saopa tsiku la khoti ngati akudziwa kuti woweruza ndi wolungama ndipo womuimira ndi wokhulupirika. Amawerenga masiku kuti lifike.

Kalata ya kwa Ahebri, imene ili maziko a chiphunzitso chathu cha malo opatulika, ndiyo yomwe imalankhula kwambiri za kulimbika mtima. Pansi pa chipangano chakale, munthu mmodzi yekha, tsiku limodzi pachaka, atanyamula mwazi ndiponso ataphimbidwa ndi utsi wa zofukiza, ndiye amaloledwa kupyola chinsalu chotchinga (Levitiko 16). Pa ora limene Yesu anafa chinsalu chimenecho chinang'ambika kuyambira kumwamba kufika pansi (Mateyu 27:51), kusonyeza kuti si dzanja la munthu linachita. Nchifukwa chake Ahebri 4:16 ndi 10:19-22 akutiitana kuti tiyandikire molimbika mtima. Liwu la Chigiriki pamenepa ndi parrhesia. Mumzinda wa Athens linkatanthauza ufulu wa mbadwa woimirira pamsonkhano wa mzinda ndi kunena zonse zakukhosi. Kapolo ndi mlendo analibe ufulu umenewo. Wolemba kalatayi akutenga liwu la pabwalo limeneli naliika m'malo opatulikitsa. Akuti tinene zonse, osabisa, osazungulira. Ndipo taonani chimene akuti tikalandire: chifundo, ndi chisomo chotithandiza pa nthawi ya kusowa. Sakuitana amene akonzeka. Akuitana amene asowa. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Pano fanizo la mfumu ndi nduna liyenera kugwiritsidwa mosamala, pakuti likatengedwa lonse limasokeretsa. Nduna ya padziko nthawi zina imakhala yofewetsa mtima wa mfumu yokwiya, ndipo ena amaganiza za Yesu motero: Mwana wachifundo amene akugwira dzanja la Atate waukali. Yesu mwini anakana ganizo limeneli pamene anauza ophunzira ake kuti Atate yekha amawakonda (Yohane 16:27). Mkhalapakati wathu sanadzitume. Anatumidwa ndi Iye amene timamuopayo. Estere anasala kudya masiku atatu asanalowe kwa mwamuna wake, atatha masiku 30 osaitanidwa, osadziwa ngati ndodo yagolide idzalozedwa kwa iye kapena ayi (Estere 4:11, 16). Kulimba mtima kwake kunali kwa munthu wokonzeka kufa. Kwathu nkosiyana: ife taitanidwa kale, ndipo ndodo inalozedwa kwa ife pa Kalvari tisanagogode.

Tsopano tinene ndi a mbali inayo, ndipo tinene mosabisa, pakuti matenda awo akufala msanga. Munthu akayenda mumzinda uno usiku wa Lachisanu kapena akatsegula wailesi, amamva mapemphero amene ali ngati munthu akulamula wantchito: Mulungu apatsidwa tsiku ndi ora, auzidwa mtundu wa galimoto, ndipo wopempherayo sapemphanso koma amangolengeza. Sitinena izi kuti tiloze chala ku mipingo ina. Kalankhulidwe kameneka kalowa ndi m'mapemphero athu omwe. Amati ndicho chikhulupiriro. Koma mfumu Uziya nayenso analowa m'kachisi mopanda mantha, ali ndi mbale ya zofukiza m'dzanja, pamene mtima wake unadzikuza chifukwa cha mphamvu zake. Ansembe 80 anamutsatira kukamuletsa, ndipo anatuluka ali ndi khate pamphumi (2 Mbiri 26:16-21). Fupa lokakamiza limaswa mphika. Kusiyana kwa kulimbika mtima ndi chipongwe sikuli pa kukweza mawu kapena kutsitsa. Kuli pa chimene munthu watsamira. Mfarisi wa m'fanizo anatsamira pa kusala kwake kawiri pa sabata ndi pa chakhumi chake. Wamsonkho anaima patali osakweza maso, komabe anapempha chinthu chachikulu koposa, ndipo ndiye anapita kwawo woyesedwa wolungama (Luka 18:9-14). Mwa awiriwo, wolimbika mtima weniweni anali wamsonkho uja.

Palibe m'Chipangano Chakale amene anapempha molimba ngati Abrahamu popembedzera Sodomu. Anayamba ndi anthu 50, natsika pa 45, pa 40, pa 30, pa 20, mpaka pa 10, ngati mayi wonenerera mtengo wa usipa pamsika; ndipo anafika pokumbutsa Woweruza wa dziko lonse za chilungamo chake. Koma pakati pa kunenerera kumeneko anadzitcha fumbi ndi phulusa, napempha kawiri konse kuti Ambuye asamukwiyire (Genesis 18:23-32). Sanayambe wasiya ulemu kuti alimbe mtima, kapena kusiya kupempha kuti aoneke waulemu. Ndipo Ambuye wathu ku Getsemane anaitana Mulungu ndi liwu la m'nyumba lija, Abba, napempha poyera kuti chikho chimupitirire, ali chigwere pansi, napereka chifuniro chake kwa Atate (Marko 14:35, 36). Kalata ya kwa Ahebri yomweyo imene yatiitana kuti tiyandikire ikutsiriza ndi kutikumbutsa kuti titumikire ndi ulemu ndi mantha, popeza Mulungu wathu sanaleke kukhala moto (Ahebri 12:28, 29). Ngakhale mngelo woyamba wa Chivumbulutso 14:6, 7, amene uthenga wake timaunyamula, ali ndi Uthenga Wabwino wosatha m'dzanja pamene akuitana anthu kuti aope Mulungu. Sitingatenge theka la mawu ake.

M'nyumba zathu tili ndi chitsanzo chimene tonse tichidziwa. Mwana, ngakhale akule bwanji, sangolowa m'chipinda cha makolo ake, amaima pakhomo nati, "Odi." Koma mwana yemweyo akadwala pakati pa usiku, kapena akafika kuchokera kutali m'mvula ya mawawa ya mwezi wa Juni, sagona pakhonde poopa kudzutsa bambo ake. Amagogoda mpaka amutsegulire. Ndipo bambo amene angapeze mwana wake m'mawa ali chinyowere panja, nati "ndimaopa kukuvutitsani," sangamve kuti walemekezedwa. Angamve chisoni, nadzifunsa kuti mwanayu amandiyesa munthu wotani.

Tibwerere tsono ku vesi limene limatulutsa anthu m'kachisi, 1 Akorinto 11:27-29. Paulo sakunena za munthu wosayenera. Akunena za kadyedwe kosayenera. Werengani kuyambira vesi 17. Ku Korinto olemera ankayamba kudya chakudya chawo osadikira anzawo, wina nakhala ndi njala, wina naledzera, ndipo osauka ankachititsidwa manyazi pa tebulo la Ambuye. Tchimo lawo linali kusasamala, osati kunjenjemera. Chenjezo limeneli linalembedwera munthu wa foni uja, koma amene amalimva ndi kuthawa ndi wa mtima wosweka, amene tebulo linakonzedwera iye. Ndipo Paulo atanena kuti munthu adziyese yekha, sanati kenaka apite kwawo. Anati kenaka adye. Petro anayesa kukana kusambitsidwa mapazi poganiza kuti akuchita ulemu, ndipo Yesu anamuuza kuti akakana alibe gawo ndi Iye (Yohane 13:8). Beseni limene timalithawalo linaikidwa chifukwa mapazi ndi akuda.

Wina adzati, "Nanga ine amene ndikudziwa kuti ndili ndi mlandu weniweni? Ndinabwereka ndalama kwa mlongo wanga mumpingo ndipo ndimamuzemba. Sindilankhulana ndi mlamu wanga chiyambire maliro a amayi." Kwa munthu wotere sitinena kuti palibe kanthu. Kalipo, ndipo chikumbumtima chake chikugwira ntchito. Nchifukwa chake Mgonero umalengezedwa Sabata limodzi usanafike, kuti pakhale masiku oyenda ndi kukonza. Yesu anati munthu amene wakumbukira mlandu ali paguwa asiye mtulo wake pomwepo, apite kukayanjana ndi mbale wake. Koma ananenanso kuti abwerere adzapereke (Mateyu 5:23, 24). Ambiri timamvera theka la mawuwa: timachoka, koma kwa mbale sitifika, ndipo kuguwa sitibwerera. Miyezi itatu ikatha timachokanso, ndipo ena atha zaka zisanu akuchita chimodzimodzi, nayesa kuti kumeneko ndiko kuopa Mulungu.

Tsiku lina tinapita ndi madikoni kukapereka Mgonero kunyumba kwa mayi wina wachikulire amene matenda anamugoneka pamphasa, mayi amene anabatizidwa ali mtsikana ndipo anasunga Sabata moyo wake wonse. Ataona mbale ndi chikho anapukusa mutu. Anati, "Abusa, mundipempherere kokha. Dzina langa likafika kumwambako sindidziwa chimene adzapeza." Tinatsegula Zekariya 3, ndipo mdzukulu wake anawerenga pang'onopang'ono za Yoswa mkulu wa ansembe, ataima pamaso pa mngelo wa Yehova atavala zovala zonyansa, Satana ali kudzanja lake lamanja kumuneneza; za Yehova akudzudzula wonenezayo; za zovala zakuda zikuvulidwa ndi zoyera zikuvekedwa. Mayiyo anapempha kuti awerengenso. Atatha kachiwiri anafunsa, "Nanga Yoswayo anayankha chiyani?" Tinayang'ana m'chaputala chonsecho, vesi ndi vesi, ndipo tinamuuza kuti Yoswa sanayankhe kanthu, anangoima pomwepo, ndipo wina anamulankhulira.

Anakhala chete kanthawi. Kenaka anauza mdzukulu wake kuti amudzutse ndi kumukonzera duku, pakuti sangadye chakudya cha Ambuye chogona. Dikoni wamkazi anamusambitsa mapazi, ndipo pamene mbale inafika kwa iye anatambasula manja onse awiri.